Nkhawa, Mahomoni ndi Maselo Atsopano a mu Ubongo

Kwa zaka zambiri akatswiri ankaphunzitsa kuti nyama ikakula, ubongo wake supanganso maselo atsopano. Koma mu 1965 Joseph Altman anapeza maselo ongobadwa kumene mu ubongo wa makoswe aakulu, m'chigawo chotchedwa hippocampus, chomwe chimathandiza pa kuphunzira ndi kukumbukira. Mu 1998 gulu la Peter Eriksson linaona zofananazo mwa anthu.

Zina mwa zinthu zomwe zimawongolera ntchitoyi ndi mahomoni a mtundu wa steroid, omwe thupi limapanga kuchokera ku cholesterol. Fernando Nottebohm anapatsa testosterone mbalame zazikazi za canary, ndipo zinayamba kuimba ngati zazimuna. Chigawo cha ubongo choyang'anira nyimbo chinakula, ndipo kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti homoniyi imathandiza maselo atsopano kuti asafe msanga. Estrogen nayo imachulukitsa maselo otere mwa makoswe aakazi.

Mahomoni a nkhawa amachita zosiyana. Amachokera m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, ndipo mwa anthu wamkulu wake ndi cortisol. Mu 1992 Elizabeth Gould ndi Bruce McEwen anaona kuti khoswe akamuchotsa tiziwaloti maselo atsopano amachuluka, koma akamuwonjezera mahomoniwa amachepa. Cortisol ya kanthawi kochepa imatithandiza pangozi. Vuto limadza ikakhala yokwera miyezi yambiri.

Phunziroli likutikhudza. Mayi wa ku Mgona amene amagona akuganiza za lendi, kapena mnyamata wa ku Chinsapo wosowa ganyu, thupi lake silipuma ku mahomoniwa. Mankhwala monga prednisolone ndi dexamethasone amagwiranso ntchito ngati cortisol. Ndi othandiza pa mphumu dokotala akalemba, koma ena amangogula pofuna kunenepa kapena kuziziritsa ululu wa m'mafupa. Kuwamwa nthawi yaitali kumakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, komanso kumasokoneza tulo ndi chikumbumtima cha zinthu.

Chosangalatsa n'chakuti ubongo umatha kubwerera. Mu 1999 Henriette van Praag anapeza kuti mbewa zothamanga zimapanga maselo atsopano ochuluka kuposa zongokhala. Choncho tiyeni tiziyenda, tizigona mokwanira, ndipo tisamasunge mavuto mumtima tokha. Amene wakhala akumwa mankhwalawa asawasiye mwadzidzidzi, chifukwa n'zoopsa. Apite kuchipatala cha Kawale, Area 25 kapena Bwaila kuti akamuthandize kuwachepetsa pang'onopang'ono.