Udzu wa m'madzi umalera nsomba

Tiwerenge

M'mbali mwa nyanja ya Chilwa, nyanja ya Chiuta ndi mtsinje wa Shire mumamera bango, gumbwa ndi udzu wamitundumitundu. Pansi pa madzi pamamera ndere. Wopalasa bwato amadandaula kuti zomerazi zimamutsekera njira. Komatu matemba, makumba ndi milamba imene timadyera nsima imadalira zomera zomwezi.

Udzu umayeretsa madzi

Nsomba ikadya imachita chimbudzi m'madzi momwemo. Mvula nayo imakokolola ndowe, feteleza ndi dothi kuchokera kumtunda. Zonyansazi zikachuluka, nsomba zimadwala.

M'madzimo muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Timeneti timaoletsa zonyansa zija mpaka zisanduke manyowa osungunuka. Mizu ya bango ndi ndere zimayamwa manyowawo n'kumakula. Madzi a mumtsinje akalowa m'bango amayenda pang'onopang'ono, ndipo matope amadikha. Masana dzuwa likamawala, udzu womera pansi pa madzi umatulutsa mpweya umene nsomba zimapuma.

Chakudya ndi pobisala

Mukadzapita kudooko, mudzazule phesi limodzi la bango ndi kuliyang'anitsitsa. Mbali imene idali m'madzi imakhala yoterera ndi ndere yobiriwira. Pa nderepo pamakakamira tinkhono, timphutsi ndi tizilombo tina ting'onoting'ono. Chimenechi ndicho chakudya cha tiana ta nsomba.

Makumba aakazi amasunga mazira m'kamwa. Tiana tikaswa n'kukhwimako, make amakatilavula pamadzi osaya, pakati pa udzu. Kumeneko mbalame ndi nsomba zikuluzikulu zimavutika kutigwira. Khoka nalo silidutsako.

Nyanja ya Chilwa idauma mu 1968 komanso mu 1995. Nsomba zina zidapulumukira m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjayi ndi m'madambo. Madzi atabwerera, zotsalazo zidaswana ndipo usodzi udayambiranso.

Oweta nsomba adatengera nzeru yomweyi

M'mayiko ena anthu amaweta nsomba zokongola za m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi, m'nyumba. Madzi a m'thanki sachedwa kuda. Choncho amaika kathanki kena pansi pake n'kulumikiza ndi mapaipi. Pampu imazunguliza madzi pakati pa mathanki awiriwo.

M'kathankimo saikamo nsomba. Amaikamo mchenga, miyala ndi ndere ya m'nyanja, n'kuyatsa getsi pamwamba pake kuti ndereyo izikula. Ndere imayamwa zonyansa, madzi amabwerera kwa nsomba ali oyera. Tizilombo ting'onoting'ono tokakamira pa ndere tija timaswana mwamtendere popeza mulibe wotidya, ndipo tina timapita ndi madzi kukadyedwa ndi nsomba.

Ndere ikadzaza, mwiniwake amachotsako ina n'kukataya. Zonyansa zimene idayamwa zimachoka nayo limodzi. Akaisiya, imaolera momwemo ndipo madzi amadanso.

Udzu ukatha

Nkacha ndi khoka la maso ang'onoang'ono. Limakokedwa ndi mabwato ndipo limakhula pansi pa nyanja. Limazula udzu, limaphwanya zisa za nsomba, limakola ndi tiana tomwe. Ku nyanja ya Malombe makoka otere adachuluka, udzu wapansi udatha, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chidali chitasowa kwambiri. Asodzi a ku Chiuta ataona nkacha zikulowa m'nyanja yawo, adagwirizana n'kupanga makomiti. Chapakati pa zaka zomwezo adaletsa makokawo.

Udzu ukachulukitsa

Namasupuni adachokera ku South America. Amayandama ndipo amaswana msanga kwambiri. Akaphimba madzi onse, dzuwa silifika pansi ndipo udzu wapansi umafa. Akamaola amamaliza mpweya wa m'madzi, nsomba n'kumabanika. Pa Liwonde, pamene Shire amalekanitsa Balaka ndi Machinga, pali Kamuzu Barrage. Pamenepo namasupuni ndi udzu woyandama amazitchinga n'kuzivuula, kuti zisakatseke makina opangira magetsi ku Nkula.

Zoyenera kuchita

Podula bango kapena gumbwa, tisiyeko malo ena osadula. Tisatenthe dambo. Tisalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Tisakoke khoka kapena masikito m'malo oswanirana nsomba. Amene ali ndi damu la nsomba azichotsa udzu woyandama usanaphimbe madzi, auunjike pamtunda kuti uole, akathire kudimba.

Tikambirane

1. Kodi kwanuko ndi malo ati amene mumaona tiana ta nsomba tambiri?
2. Nanga malo amenewo asintha bwanji poyerekeza ndi kale?
3. Kodi mfumu ndi komiti ya padooko angateteze bwanji malowo?

Tiyankhe

1. Tchulani ntchito zitatu za udzu wa m'madzi.
2. N'chifukwa chiyani woweta nsomba amachotsako ndere m'kathanki?
3. Kodi khoka la nkacha limaononga bwanji nyanja?

Tilembe

Malizani ziganizo izi m'makope mwanu:

Makumba aakazi amasunga mazira ________.
Nyanja ya Chilwa idauma mu 1968 ndi mu ________.
Namasupuni akamaola amamaliza ________ wa m'madzi.

Tiwerengere

Kuchokera mu 1968 kufika mu 1995 padapita zaka zingati?