Azakhali, akuti tikaone mitengo

Azakhali, ndili ndi mnyamata amene akuti adzandikwatira. Anzanga amuna awo amawatengera ku Mfuwe kukaona mikango ali phee m'galimoto, koma wangayu akuti tipite ku Ntchisi, ku Malawi, tikayende wapansi m'nkhalango tsiku lonse. Akuti tikaone mitengo. Mitengo, Azakhali! Si kuumira kumeneku?

Ndine Wokhumudwa, ku Kapata, Chipata.

Iwe mwanawe, wandiseketsa mpaka tiyi kutayikira pachitenje. Mitengo imene ukuidziwa iwe ndi ija imafika ku Kapata itasanduka kale makala, matumba atatu panjinga, mwini wake thukuta kamukamu. Kachere woti anakulunga mtengo mnzake mpaka kuumeza, mizu ili lendelende ngati zingwe za tsindwi, unamuonapo?

Choyamba ndifunse: mnyamatayo ndi Mngoni wa kwa Mpezeni? Ngati ndi choncho, akafike ndi ulemu, chipewa m'manja. M'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawira m'phiri limenelo Angoni akatulukira ndi zishango, ndipo akuluakulu amati n'chifukwa chake nkhwangwa sinalowemo. Boma la atsamunda linadzangotsindika mu 1924 poika nkhalangoyo m'gulu la zotetezedwa. Lero mdzukulu wa ankhondo aja akukalowamo atanyamula botolo la madzi ndi mabisiketi. Dziko ili!

Zoti akuumira iwala. Kudutsa pa Mwami, Mchinji, Lilongwe, kukakhotera pa Mponela, kenako kutsogolo n'kukameza fumbi, woumira sangayerekeze. Akanangokukwezera paphiri la Kanjala kwanu konko n'kukugulira chimanga chootcha.

Tsono mvera. Nsapato zako zosongoka zija, zimene umagwedezera nazo tchalitchi chonse, zisiye pansi pa bedi. Vala za kanivasi, sokosi zazitali ndi thalauzi, chifukwa linthumbwi likakupeza utaima pamzere wake udzavina chitelele opanda woimbira. Tenga juzi. Phirilo limapitirira mamita 1,600, ndipo nkhungu ikatsika ngakhale masana umalakalaka mbaula.

Mikango kulibe, njovu zinachoka kale. Kuli nchima, anyani, agwape, nungu ndi mbalame zoti sunazimvepo. Nguluwe mwina udzangoona pamene yafukula usiku. Koma nchima siionekera munthu wolongolola. Umayamba wamva nthambi kuti thyo m'mwamba, n'kuima, n'kudikira, kenako kamchira kakatali kaja n'kutulukira. Pakamwa pakopo, pamene ndikupamva ngakhale m'kalata, ukapatseke kwa mphindi khumi zokha. Foni nayo ikagone m'chikwama.

Tengani munthu wa m'midzi yapafupi wodziwa njira, ndipo mukamulipire bwino osanenerera ngati mukugula tomato. Ukaona timaluwa tam'tchire m'nyengo yamvula, usayambe kuwerengera chikanda. Inu a ku Zambia ndimakudziwani! Mmenemo sakumba, sadula, sayatsa moto, ndipo pepala la siwiti limabwerera m'thumba mwako.

Za ukwatizo, pachitunda mpamene udzamuone bwino. Kodi ukatsalira akudikira, kapena akungoti pikitipikiti ngati akuthamangira basi ya ku Lusaka? Madzi akatsala pang'ono, ayamba kumwa ndani? Ku Mfuwe m'galimoto mwamuna aliyense ndi wachifundo.

Pita, mwanawe, makamaka mvula ikatha njira zisanasanduke fumbi lokhalokha. Ukabwerako undilembere kuti anayamba kupempha kupuma ndani.