Dzuwa la Okutobala ndi Thanzi la Mlimi

Tili m'nyengo yosoza ndi kugalauza minda, pamene dzuwa likuswa mtengo, makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumene kutentha kumadutsa madigiri 40.

Lero tikambe za tizipangizo tovala pathupi toteteza anthu ogwira ntchito padzuwa. Tina timavalidwa padzanja ngati wotchi, tina pachifuwa ngati lamba. Timawerenga kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa khungu, n'kuyerekeza mmene thupi latenthera m'kati. Thupi labwino limakhala pa madigiri 37. Likadutsa 40, moyo uli pachiswe. Zisanafike pamenepo, kachipangizo kamanjenjemera kapena kutumiza uthenga pafoni ya kapitawo kuti munthuyo apume.

Ku Chichigalpa m'dziko la Nicaragua, odula nzimbe ambiri amwalira ndi matenda a impso. Ofufuza anaveka odula nzimbe ena zoyezera mtima ndipo anaona kuti matupi awo amavutika kwambiri ndi ntchito ya padzuwa. Chimene chinathandiza ndi zinthu zitatu: madzi, kupuma, ndi mthunzi.

Ambirife sitingakwanitse kugula zipangizozi, koma thupi limachenjeza lokha. Mutu ukamawawa, mukamamva chizungulire kapena nseru, minofu ikamakokana, mkodzo ukachepa n'kukhala wachikasu kwambiri, ikani khasu pansi. Musadzilimbitse mtima kuti mumalize ndime.

Lawirirani kumunda mbandakucha, muweruke dzuwa lisanafike paliwombo, mubwererenso litapendeka. Tengani chigubu cha madzi, muzimwa kapu imodzi mphindi 20 zilizonse ngakhale ludzu lisanakugwireni. Mukatuluka thukuta lambiri, madzi a Thanzi ORS amabwezera mchere wotayika. Mowa umaumitsa thupi, usiyeni. Valani chipewa chachikulu ndi zovala zopepuka, ndipo ola lililonse muzikhalako pamthunzi.

Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka kapena kukomoka, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi ozizira thupi lonse uku mukumukupizira, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Wokomoka musamumwetse kanthu.

Inu olemba aganyu ndi eni minda ikuluikulu, ikani madzi ndi mthunzi pafupi ndi antchito, ndipo musadule ndime yoti munthu athere masana onse padzuwa. Alimi anzanga, samalani moyo wanu kuti mudzadye zimene mukulimazo.