Chivwende cha m'chipululu si chakudya

Abale amene mumagwira ntchito kunja kwa Doha, makamaka omanga misewu ndi oweta ngamira, mwina mwaonapo chomera choyanga pamchenga ngati chivwende cha kwathu. Aluya amachitcha handhal, pomwe akatswiri a zomera amati Citrullus colocynthis. Ndi mbale wake wa chivwende ndithu, koma musanyengeke nacho.

Mvula ya ku Qatar kuno sikwana mamilimita 100 pachaka, nanga chimakhala bwanji ndi moyo? Chinsinsi chili pansi. Chili ndi muzu wonenepa wozama kwambiri, womwe umasunga madzi. Masamba akauma, muzuwo sufa ayi, umaphukanso chaka ndi chaka. Maluwa ake ndi achikasu, aamuna paokha aakazi paokha monga a maungu, ndipo mungu amanyamula ndi tizilombo ngati njuchi. Chipatso chimakula ngati lalanje, chobiriwira chamizeremizere, n'kusanduka chachikasu chikapsa. Chikauma chimapepuka, mphepo n'kumachigubuduza, nthanga n'kumwazika.

Vuto lili m'kati. Mnofu wake umawawa koopsa, ndipo uli ndi poizoni wotchedwa cucurbitacin. Ena amauzana kuti ndi mankhwala a shuga kapena otsuka m'mimba. Kutsegula chimatseguladi, koma mwankhanza: kupotokola, kusanza, chimbudzi cha magazi, nthawi zina mpaka impso kuwonongeka. Ndi kutentha kwa kunoku, munthu wotsegula m'mimba sachedwa kutha madzi m'thupi.

Mnzanu akadya, musadikire kuti abwana abwere. Imbani 999, ndipo tengani chipatsocho adokotala akachione.