KUPHUNZITSA CHIBWEREZA M'ZOJAMBULA: KHUTU LITSOGOLERE DISO

Mphunzitsi watsopano akafuna kuphunzitsa chibwereza m'zojambula, kaŵirikaŵiri amalemba mizere pa bolodi nauza ana kuti akopere. Ana amakopera ndithu, koma sadziŵa lamulo limene likuyendetsa mizereyo, ndipo bolodi likafufutidwa amasoŵa pogwira.

Chibwereza ndicho kabweredwe ka mzere, mtundu kapena maonekedwe ena mobwerezabwereza motsata lamulo lake. Mwana amalidziŵa kale lamulo lotere ndi khutu, chifukwa wakula akumva ng'oma ndi misi ya mitondo. Ntchito yanu tsono ndi kusamutsa chimene khutu likudziŵa kuti chifike ku diso ndi ku dzanja.

Phunziro la Sitandade 2 lingayende motere:

1. Ombani m'manja kaŵiri, pondani pansi kamodzi, ana akutsatireni mpaka azoloŵere.

2. Mwana aliyense aike nyemba pa kuomba kulikonse, ndi njere ya chimanga pa kuponda kulikonse. Mzere wake ukhala wa nyemba ziŵiri, chimanga chimodzi, mpaka kumapeto.

3. Ana asinthane malo, yense aombe m'manja mzere wa mnzake. Pamene njere yalakwika, manja amadodoma, ndipo mwana amakonza yekha.

4. Tsopano adinde pa pepala. Dulani mbatata pakati, semanipo kamtanda, ndipo tengani chitsononkho chikhale chidindo chachiŵiri. Katondo wosungunula m'madzi apereka utoto wofiira, makala osinja apereka wakuda.

Kumbukirani kuti mpata wa pakati pa zidindo uli ngati kupuma kwa woimba ng'oma. Mipata ikasiyana popanda chifukwa, chojambula chimatsimphina.

Pomaliza bweretsani lichero, mkeka kapena chitenje, ana afufuze chimene chikubwerezedwa. Pa lichero aone m'mene nsungwi imadumphira zinzake ndi kuloŵa pansi pa zina, ndi m'mene kusuntha pang'ono pa mzere uliwonse kumabalira mizere yopendekera. Afotokozereninso za mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, m'mene muli timadontho, mizere ndi zozungulira zofiira zimene anajambula Akafula. Malo ameneŵa, okwana 127, bungwe la UNESCO linaŵaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006.

Poyesa ana musayang'ane kukongola kwa pepala kokha. Phimbani mapeto a mzere ndi dzanja, mufunse kuti, "Kodi pano pabwera chiyani?" Mwana woyankha bwino ndi kunena chifukwa chake, ameneyo walimva phunziro.