Phokoso la Anansi: Mmene Liyendera ndi Chimene Munthu Angachite Nalo

Pa milandu yonse imene idanitsa anansi m'mizinda ya dziko lino, wa phokoso ndiwo wovuta kuweruza, pakuti phokoso silisiya umboni wooneka. Mbuzi ikadya chimanga cha mwini, mapesi atsala, ndipo mfumu ikhoza kupita kukawawerenga. Koma wailesi imene yalira usiku wonse ku Ndirande kapena ku Kawale, kukacha yangoti zii, ndipo wodandaula alibe china chosonyeza koma maso ofiira basi. Chifukwa chake nkoyenera kuti munthu ayambe wadziwa mmene phokoso liyendera asanapite kukagogoda pa khomo la mnzake.

Vutoli si la lero. Ku Roma wakale, pa nthawi ya Julius Caesar, lidaikidwa lamulo loletsa ngolo zambiri kulowa mumzinda masana, kuti anthu aziyenda bwino m'miseu. Tsono ngolozo zidayamba kuyenda usiku, ndipo patapita zaka zoposa 100 mlembi Juvenal adali kudandaulabe kuti amphawi a mumzindawo sapeza tulo. Seneca, amene adafa m'chaka cha 65, adakhalapo pamwamba pa nyumba yosambiramo anthu ambiri, nalemba kalata yoonetsa kuti munthu wanzeru sasokonezeka ndi phokoso lakunja ngati mtima wake uli pa mtendere. Koma pothera pa kalata yomweyo adanena kuti ali kusamuka.

Kukula kwa mawu akuyesa ndi muyeso wotchedwa desibelo, dzina lochokera kwa Alexander Graham Bell. Kunong'ona kufika pa madesibelo 30, kucheza kwa anthu awiri pa 60, ndipo munthu wokhala maola 8 tsiku ndi tsiku pa phokoso loposa madesibelo 85, monga la m'chigayo, makutu ake ayamba kuonongeka. Koma muyeso umenewu suwerengedwa monga awerengera matumba a chimanga. Madesibelo 10 akaonjezeka, mphamvu ya mawu yachuluka kakhumi, ngakhale khutu lingomva ngati yachuluka kawiri. Zokuzira mawu ziwiri zolira mofanana zipambana chimodzi ndi madesibelo 3 okha. Apa ndipo pabisala mkangano wa anansi ambiri. Mwini phwando azima chokuzira mawu chimodzi mwa ziwiri, nakhulupirira ndi mtima wonse kuti wachepetsa theka la phokoso. Mnansi wake amva kusiyana kochepa chabe, nayesa kuti amnyoza. Onse awiri sanama.

Mtunda nawonso uthandiza pang'ono kuposa mmene anthu aganizira. Pa bwalo lopanda chotchinga, mtunda ukawirikiza, mawu atsika ndi madesibelo 6. Chokuzira mawu cha pa ukwati chimene chipereka madesibelo 100 pa mita imodzi, chiperekabe 82 pa mamita 8, ndi 70 pa mamita 32, ndi 58 pa mamita 128. Ndiko kunena kuti banja logona kutali kuposa utali wa bwalo la mpira likhala ngati munthu waima panja pa zenera lao nalankhula usiku wonse. Bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a chaka cha 1999, lidati kuti munthu agone bwino phokoso lisapitirire madesibelo 30 m'chipinda chogona, kapena 45 panja pa zenera lotsegula. Usiku wozizira, monga wa mu June ndi July, mpweya wa pansi uzizira kuposa wa pamwamba, ndipo mawu m'malo mokwera kumwamba apindikira pansi nafika kutali. Ndiponso kugunda kwakuya kwa ng'oma ndi besi kupyola khoma mosavuta kuposa mawu a woimba. Nchifukwa chake mnansi sazindikira nyimbo imene iimbidwa, koma angomva di! di! di! m'chifuwa mwake.

Maso ali ndi zikope, makutu alibe. Munthu ali m'tulo khutu lake ligwirabe ntchito, ndipo phokoso lifulumizitsa mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi ngakhale iye asadzuke. Wosowa tulo masiku ambiri akwiya msanga, aiwala, nalakwitsa pa ntchito. Ovutika koposa ndi amene sangathe kudzinenera: khanda, wodwala, nkhalamba, mwana wokonzekera mayeso, mlonda kapena namwino wogwira ntchito usiku amene ayenera kugona masana. Tsono tulo ta munthu ndi chuma chake monga ufa wa m'nyumba mwake, ndipo womlanda tulo wamlanda kanthu ndithu, ngakhale sanalowe pa khomo.

Komabe si phokoso lonse lili mlandu. Mwambo wa makolo udziwa bwino kusiyanitsa. Nyimbo za pa maliro palibe munthu wamtima angazidandaule. Khanda lolira usiku sililamulidwa. Mtondo wa m'mamawa ndi nyundo ya mmisiri ndiwo mawu a anthu ofuna chakudya chao. Ukwati nawo uchitika kamodzi, ndipo walira mvula walira matope: wosankha kukhala pakati pa anthu wasankhanso kumva kuti alipo. Mlandu uyamba pamene phokoso lili la masiku onse, la pakati pa usiku, ndipo mwini wake akhoza kulichepetsa osataya kanthu. Pamenepa nyumba zopemphereramo siziyenera kudzipatula. Chokuzira mawu cholozetsedwa kunja, ku nyumba za anthu ogona, sichithandiza opemphera amene ali mkati, ndipo dzina la Mulungu silisandutsa chosautsa kukhala chokoma. Buku la Miyambo, pa mutu 27, lidzudzula ngakhale dalitso lofuula la mbandakucha. Kumene eni mipingo sadadziletse okha, boma lidawaletsa: m'chaka cha 2016 akulu a Lagos adatseka matchalitchi 70 ndi mizikiti 20 chifukwa cha phokoso, ndipo m'chaka cha 2018 nyumba zopemphereramo pafupifupi 700 zidatsekedwa ku Kigali, phokoso lili chimodzi mwa zifukwa zake.

Nanga wosautsidwa achite chiyani? Ambiri angokhala chete poopa kutchedwa ansanje, nasunga mkwiyo miyezi yambiri, mpaka tsiku lina uphulika pa nkhani ya nkhuku kapena ya madzi a pa mpope. Ena abwezera pokweza wailesi yao, ndipo mdadada wonse ulephera kugona. Njira yabwino ndi ija ya pa Mateyo mutu 18, imene igwirizana ndi mwambo wa pa mudzi: kuyamba awiriwiri, kenaka ndi mboni, ndipo pomalizira pake pa gulu.

Ulendo woyamba ndiwo ufuna nzeru zambiri. Munthu asapite usiku womwewo, mowa uli m'mutu mwa mnzake ndi alendo ali kuyang'ana, pakuti mwamuna wodzudzulidwa pamaso pa anzake ateteza ulemu wake, osati zoona. Apite mawa lake madzulo, aodire, alandire mpando, afunse za moyo wa pa banja. Ndipo asatchule khalidwe la mnzakeyo, koma chosowa chake iye mwini, monga kunena kuti: "Bambo a Chisomo, pepani, amayi kunyumbaku sali bwino, ndipo usiku tulo tiwavuta. Kodi nyimbo zija sizingatsikeko ikakwana 10 koloko?" Pempho lotchula ora limveka msanga kuposa dandaulo lopanda malire, chifukwa mnansi adziwa chimene apemphedwa ndi pamene chithera. Kawirikawiri apezeka kuti sadadziwe konse mmene mawu ake amvekera kuseri kwa khoma, ndipo kumuitana kuti adzaime m'chipindamo wailesi yake ili kulira kutha nkhani imene mawu ambiri sakadaitha. Wokonza phwando nayenso akumbuke kuti nkhanga zidapangana kusanache: anansi ouzidwa tsiku ndi ora lothera apirira zambiri.

Zikakanika, atenge munthu mmodzi kapena awiri amene onse awalemekeza, makamaka osautsidwa anzake, pakuti dandaulo la mabanja anayi silingatchedwe nsanje. Pa nyumba za lendi mwini nyumba ali ndi mawu amphamvu. Kupitirira apo pali mfumu ya deralo. Alembe m'kabuku masiku ndi maora, ndipo ajambule phokosolo pa foni ali m'chipinda chake. Kupita ku khonsolo kapena ku polisi ndi ufulu wake, popeza malamulo a dziko la Malawi awerenga kusautsa anthu ambiri kukhala mlandu, ndipo malo ogulitsa mowa ayendera chiphaso chimene chili ndi malire ake. Koma khomo limeneli likhale lomaliza, chifukwa apolisi akachoka anansi atsala okhaokha, mpanda uli umodzi.

Podikira zonsezi, pali zina zimene munthu angakonze m'nyumba. Mawu alowera pamene mpweya ulowera. M'midadada yambiri khoma la pakati silifika ku malata, ndipo mpata umenewo ulowetsa phokoso lambiri kuposa khoma lonse. Kuutseka ndi njerwa, mwini nyumba atalola, kuthandiza koposa china chilichonse. Bedi lichoke ku khoma logawana, pamalo pake paikidwe kabati yodzaza zovala. Mwini wailesi aichotse pa khomalo ndi pa simenti, aiike pa chinthu chofewa, nachepetse besi. Mathireyi a mazira amene ena akhoma ku khoma satsekereza mawu, pakuti chotchinga phokoso ndi kulemera kwa khoma. Mpanda wa maluwa ungobisa maso, ndipo thonje la m'makutu lichepa mphamvu poyerekeza ndi zotsekera m'makutu za siponji zimene agulitsa m'masitolo a mankhwala ndi a zipangizo zomangira.