Kodi Nthondo ndi woti tizimusirira?



Sabata yatha ndinabwereka buku lakalekale kwa aphunzitsi ena opuma ntchito konkuno ku Manjawira. Dzina lake ndi Nthondo. Analilemba a Samuel Josiah Ntara, omwe anali mphunzitsi ku mishoni ya Nkhoma, ndipo mu 1933 linapata mphotho pa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa. Mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa.

Nthondo wa m'bukumo ndi mnyamata wovuta: wosamva zonena akulu, wa dzanja lalitali, wosowetsa anthu mtendere. Koma kunena zoona, powerenga ndimamukonda. Ndimaseka, mumtima n'kumati koma mwana uyu ndiye wochenjera bwanji!

Kuseka kwanga kunatha nditakumbukira za kunyumba kwathu. Ndili ndi mng'ono wanga wa zaka 16. Anasiyira sukulu Fomu 2, masiku ano amangoswera pa pool m'mbali mwa msewu wa M1. Mwezi wathawu anatapa chimanga m'thumba la amayi n'kukagulitsa. Ndinawapeza amayi atakhala pakhonde, ali duu, akuwerengera ngati chotsalacho chitifikitse Febuluwale. Pamenepo panalibe choseketsa.

Ndiye ndinaona pamene ndimalakwitsa. M'buku timayenda ndi wakubayo, timamva njala yake ndi zifukwa zake. Woberedwa uja amangotchulidwa kamodzi, ife tatsegula kale tsamba lina. Kunyumba tsambalo silitseguka. Woberedwayo ndi mayi ako, ndipo nsima ya madzulo mudya limodzi.

Kumvetsa munthu ndi kumusirira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nthondo ndimamumvetsa, monga ndimvetsa mng'ono wanga, yemwe fizi itavuta anaona anzake akupitirira iye atatsala. Koma kusirira ndi kunena kuti ndikufuna nditakhala ngati ameneyu. Kodi alipo pano angafune mwana wake adzakhale Nthondo wa pa unyamata? Ine ayi.

Komabe a Ntara sanatsekere bukulo pa unyamatapo. Nthondo anakula, anadzakhala mfumu, ndipo anasintha. Popeza bukulo linachokera ku mishoni, kusinthako akukuonetsa polowa Chikhristu. Ife tili ndi mawu athu, tawba, ndipo tikudziwa kuti ukalakwira munthu, kulapa sikuthera pakamwa: chobedwa chimabwezedwa, wolakwiridwa amapepesedwa. Ngati pali choti tisirire mwa munthu wotere, ndi kutembenukako, osati ukathyali wake.

Pali zolakwa ziwiri zomwe timachita ndi anyamata ovuta. Anzawo amawaombera m'manja, ati ndi madolo. Akuluakulu amawasamba m'manja, ati uyu ndiye watayika basi. Onsewa aweruza buku atangowerenga mitu yoyambirira.

Lachisanu tikuchokera ku Jumu'ah ndinayenda ndi mng'ono wanga mpaka kunyumba. Sindinamukalipire. Ndinangomufunsa kuti chimanga chija abweza bwanji. Sanayankhe. Koma dzulo wagwira ganyu yonyamula njerwa, ndipo ndalamayo anakaisiya m'manja mwa amayi. Siyokwana ngakhale ndowa imodzi. Kaya apitiriza, Allah ndiye akudziwa. Mumuikize m'maduwa anu.

Nanga Nthondo wa kwanuko, munalankhula naye liti komaliza?